Wotsikira M'manda a Esenkul

Malemu achimwene anga, a Esenkul Toktomushev, anabadwa pa 14 Malichi 1956 m'mudzi uno wa Kara-Tal, m'nyumba imene inali pamene pali sitolo lero. Amwalira Lachiwiri lapitali, pa 6 Febuluwale 2024, kuchipatala ku Naryn, ali ndi zaka 67. Ine ndine Sharshen, mng'ono wawo. Ntchito yowerenga mbiriyi andipatsa chifukwa ndine ndatsala pa ana aamuna a bambo athu, osati chifukwa choti ndinkawamvetsa malemuwa. Munthu ameneyu sindinamumvetsepo ine. Ndikudziwa kuti kwazizira ndipo miyendo yauma, koma mundipirire, chifukwa pali nkhani yofunika ithe tisananyamule thupi.

Nkhani yake ndi iyi. Dzulo masana akuluakulu a banja lathu anakhala pansi, motsogozedwa ndi bambo athu aang'ono a Orozbai, ndipo anagamula zinthu ziwiri. Anati ndikafika powerenga anthu amene malemu asiya, ndinene kuti sanasiye mwana. Anatinso wotsikira m'manda kukawagoneka, ntchito imene tonse tikudziwa kuti ndi ya mwana wamwamuna, akhale mwana wanga Kubat, osati Ermek amene malemu anamutenga ku nyumba ya ana amasiye ali ndi zaka 13. Ine ndinavomera, ndipo ndinalemba momwemo. Pepala lake ndi ili ndagwirali. Ndifika pamenepo, koma ndiyambe kaye ndi mbiri monga mwa mwambo.

Malemu anali mwana woyamba wa bambo Toktomush ndi mayi Sairakan. Anayamba sukulu m'mudzi muno m'chaka cha 1963 ndipo anamaliza mu 1973. Aphunzitsi ankati mutu unalipo, vuto ndi loti akayamba chinthu sankadziwa kuchisiya. Ali ndi zaka khumi, bambo anawatuma kukawerenga nkhosa madzulo, ndipo inapereweramo imodzi. Bambo anati siyani, ibwera yokha. Iwo anasowa masiku awiri. Anabwera atanyamula chikopa ndi mutu, zotsala za mimbulu, kuti nambala ikwane. Anakwapulidwa, osati chifukwa cha nkhosayo, koma chifukwa cha nsapato zimene anang'amba. Sanasinthe kuchokera tsiku limenelo.

Mu 1973 anapita ku Frunze, kumene lero timati ku Bishkek, kukaphunzira za matenda a ziweto. Mu 1976 analowa usilikali zaka ziwiri, ndipo mu 1978 anabwerera kudzakhala dokotala wa ziweto pa famu ya boma. Famuyo itatha, ziweto n'kugawidwa kwa anthu, iwo anapitiriza ntchito yawo osafunsa kuti awalipira ndani. Ndikamayang'ana pabwalo pano sindikuona munthu amene kavalo wake kapena ng'ombe yake sanaigwirepo. Ena mwa inu munkawapatsa mwanawankhosa, ena batala, ena zikomo yekha, ndipo mukudzidziwa.

Pa 20 Seputembala 1981 anakwatira mayi Burul a ku At-Bashy. Anakhala limodzi zaka khumi ndi zitatu mwamtendere, koma Mulungu sanawapatse mwana. Mayi Burul anamwalira mu Novembala 1994 ndi matenda a impso. Chaka cha kulira chitatha, tinayamba kuwafunira mkazi wina, monga banja lililonse likadachitira. Achemwali athu a Gulsun anabweretsa azimayi atatu pa nthawi zosiyana, onse aulemu wawo. Achimwene ankawalandira bwino, n'kuwathirira tiyi, kenako n'kuyamba kuwafotokozera za matenda a ziboda za nkhosa kwa maola awiri, mpaka mlendo kutsanzika yekha. Wachitatuyo potuluka anafunsa achemwali ngati munthuyu ali bwinobwino. Ife tinachita manyazi, iwo ayi.

Tsopano ndinene chinthu chimene chandikhala pamtima zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mu 2002 mkazi wanga anabereka mwana wathu wachitatu wamwamuna, Kubat uyu. Mwambo wathu ngwodziwika: m'bale wako akakhala wopanda mwana, iwe amene uli nawo umamupatsa mmodzi, ndipo sabwezedwa. Mkazi wanga analira sabata yathunthu, kenako anavomera. Tinamukulunga mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi itatu, tinayenda naye mpaka kunyumba iyi, mudzi wonse ukuona. Achimwene anamunyamula, anamununkhiza pamutu, n'kumubwezera m'manja mwa amayi ake. Anati, "Uyu ali ndi bambo ake kale, Sharshen. Pitani naye asazizidwe." Tinabwerera naye msewu womwewo, mudzi wonse ukuonanso. Sindinawalankhule miyezi inayi, ndipo sindikukhulupirira kuti anazindikira n'komwe.

M'mwezi wa Meyi 2003 anaitanidwa ku nyumba ina ya ana amasiye m'tauni kuti akaone ng'ombe yawo imene inatupa mimba. Atamaliza, akusamba m'manja, anaona mnyamata atakhala pamwamba pa mpanda akuwayang'ana, osapereka moni. Anamufunsa funso lomwe wamkulu aliyense kuno amafunsa mwana wachilendo: ndiwe mwana wa yani, tatchula makolo ako. Inu nonse mukudziwa kuti mwana wamwamuna asanadziwe kumanga nsapato amakhala ataloweza kale mayina asanu ndi awiri, kuyambira bambo womubereka, agogo, kubwerera m'mbuyo. Wosawadziwa timamuseka, ndipo akafuna kukwatira apongozi amamufunsa omwewo, kuopa kuti angakwatire m'bale. Mnyamatayo anayankha kuti, "Asan." Achimwene anadikira dzina lachiwiri. Iye anati, "Ndi lomwelo. Funsani china."

Mnyamata ameneyo ndi Ermek. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zimene ankadziwa za moyo wake zinali zochepa. Ali ndi zaka zisanu, bambo ake, oyendetsa lole ya buluu, anamusiya pa katiyirumu ka m'mbali mwa msewu wopita kumalire ndi China, n'kuuza mayi wa pamenepo kuti abwera pakatha masiku awiri. Sanabwere. Mayiyo anamusunga miyezi ingapo, kenako anamupereka kupolisi. Za kwawo ankangokumbukira kuti kunkatentha ndiponso kuti kunali minda ya thonje.

Achimwene atafika kunyumba tsiku limenelo anandiuza kuti aona mwana wa dzina limodzi. Ndinawauza kuti ena alibe n'limodzi lomwe, amwe tiyi. Sabata yotsatira anapitanso kukaona ng'ombe ija. Ng'ombe imeneyo inachira tsiku loyamba lomwe, koma inaonedwa ndi dokotala Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri.

Kutenga mwana uli mwamuna wopanda mkazi, wa zaka 47, si nkhani yapafupi, ndipo a ofesi yoona za ana anali ndi chifukwa chokayikira. Anabwera kudzayendera nyumba kanayi, ulendo uliwonse funso n'lomwelo: mayi a m'nyumba muno ali kuti? Achimwene anagula kabuku ka malamulo, anadula mzere pofunikira, n'kumayenda nako m'thumba limodzi ndi majekeseni a ng'ombe. Anapaka laimu nyumba yonse. Anagula bedi. Anagulanso kanjinga ka mwana, koma pamene mapepala ankatuluka pa 3 Juni 2005, mwana wakeyo anali atatalika kufika paphewa pawo ndipo mawu anali atayamba kukula.

Ife tinawachenjeza. Tinati ngati mukufuna wamasiye, tengani wakhanda amene sakudziwa kanthu. Wa zaka 13 wabwera kale ndi mtima wake, ndi ukali wake, ndi zimene anaona. Ndipo sitinaname. Ermek andikhululukire, koma anali wotopetsa. Anathawa katatu chaka choyamba. Ankagona atavala nsapato. Ankabisa buledi kunsi kwa matiresi mpaka mbewa zinasamukira kuchipinda kwake. Anamenya ana a m'mudzi muno pafupifupi onse, anga omwe, ndipo zenera langa lakumsewu linasweka kawiri. Achimwene akamva dandaulo ankangobwera ndi galasi latsopano, n'kuliika okha. Nawonso kulera sankakudziwa. Kuphika kwawo kunali kuwiritsa nyama mpaka itope. Mwana atatentha thupi anamuyeza ndi choyezera cha ana a ng'ombe, ndipo achemwali a Gulsun atapanda kulowa pa nthawi yake sindikudziwa kuti akadamumwetsa chiyani.

Mwanayo atakhala miyezi iwiri, bambo aang'ono a Orozbai anaitanitsa banja, ndipo ndinene chilungamo, tsiku limenelo analankhula mwachifundo. Anati zachitika zachitika, mwana walowa m'nyumba. Tiphe nkhosa, ashehe apemphere, timulembe dzina lathu, aloweze makolo athu asanu ndi awiri, ndipo kuyambira lero amene amutchule wobwera aonana ndi ine. Tonse tinati eya. Nkhosa inali itamangidwa kale pachipata. Ermek anaima pakhomo manja ali m'thumba, n'kunena kuti, "Ine bambo anga ndi Asan. Anati abwera."

Tinayang'ana achimwene kuti amudzudzule. Iwo anati, "Mwamva nokha. Mwana ali ndi makolo ake, sindingamuphunzitse kunama pa mayina a akufa. Ndimupezera ake."

A Orozbai anadzuka n'kumapita. Nkhosa ija inamasulidwa. Anthuni, khomo linatsegulidwa tsiku limenelo, lotsegula anali munthu amene satsegula kawiri, ndipo achimwene anga analitseka ndi manja awo. Zimene tikukangana lerozi zinayambira pamenepo.

Kuyambira 2005, chaka chilichonse ziweto zikatsika kumapiri mu Seputembala, ankagulitsa nkhosa zingapo, kuthira mafuta m'kagalimoto kawo kobiriwira kaja, kukweza Ermek, ulendo wa kumwera kumene amalima thonje. Ankafuna munthu wotchedwa Asan, woyendetsa lole ya buluu. Ine ndinawafunsa ngati akudziwa kuti m'dziko muno muli a Asan angati. M'mudzi muno mokha muli anayi, ndipo malole a nthawi imeneyo onse anali a buluu. Iwo anati ndiye bwino ayambe msanga. Ankaima pa tiyirumu iliyonse, pa mzikiti uliwonse, pamene pakhala madalaivala akale, kufunsa. Anapeza a Asan khumi ndi anayi amene sanali iye. Kwa mmodzi mwa iwo, mkazi wake atamva kuti kwabwera mnyamata wofuna bambo ake otchedwa Asan, anathamangitsa onse atatu ndi tsache, mwamuna wake yemwe. Achimwene anabwera kudzatifotokozera zimenezi osaseka n'pang'ono pomwe, akungodandaula kuti mayiyo sanawapatse mpata wofunsa dzina la apongozi ake.

Nthawi yonseyi Ermek ankawatchula kuti Adokotala, monga mmene aliyense m'mudzi muno ankawatchulira. Sanasinthe mpaka lero. Ine zinkandipsetsa mtima. Munthu akukudyetsa, akukuveka, akutha nkhosa zake chifukwa cha iwe, ndiye uzimutchula ngati wabwera kudzabaya ng'ombe? Ndinawauza achimwene kuti amukonze. Anati dzinalo ndi lawodi, sakuonapo cholakwika.

Mu Okutobala 2011, dalaivala wina wokalamba ku Jalal-Abad anakumbukira lole imene inagwera mumtsinje mu 1997 ikuchokera kumalire. Anawalozera mudzi wa ku Nooken. Kumeneko anapeza manda a Asan, ndiponso mkulu wake wa Asan, a Mamatkul. Anthu a kumeneko ankadziwa kuti Asan anatenga mwana wake pa ulendowo chifukwa mayi a mwanayo anali atamwalira, ndipo thupi la bambo litapezeka lokha, onse anati madzi anatenga mwana. Anamulira kale, anamupempherera kale. Ndiye tsiku lina akuona kagalimoto kobiriwira kakuima, mukutuluka nkhope ya Asan yeniyeni, ya zaka 19. Akuti a Mamatkul anakhala pansi pafumbi. Ermek anamva tsiku limenelo kuti bambo ake sanamutaye, anali m'njira akubwera.

Zimene zinatsatira ine ndinaziona kale zikubwera, ndi achimwene okha amene ankachita ngati sakuziona. A Mamatkul anati mwanayu ndi wathu, munda wa thonje wa bambo ake ulipo, nyumba timumangira, mkazi timupezera. Achimwene anati n'zoona, ndi wanu. Anatsitsa chikwama cha Ermek m'galimoto, n'kubwera okha ulendo wa masiku awiri. Atafika ndinawakalipira kuposa mmene ndinakalipirapo munthu. Ndinati mwalera mwana zaka zisanu ndi chimodzi, zaka zomwezonso mwathera kufunafuna omulanda, tsopano mwawapeza, mwasangalala? Koma achemwali ankati akapita kukawaona ankapeza makapu awiri patebulo, nyama yophikidwa ya anthu awiri, mwini wake ataonda ngati wadwala.

Patatha masabata khumi ndi limodzi, kutagwa kale chisanu, Ermek anatsika basi pamsewu apo ndi chikwama chake. Ine ndinali pakhola ndi achimwene, ndiye ndinamva ndekha. Sanapereke moni. Anayang'ana mpanda n'kufunsa kuti wamanga zimenezi ndani, zigwa izi. Achimwene anamufunsa kuti kwagwanji kumeneko, akuchita nkhanza? Iye anati ayi, ndi anthu abwino kwambiri, koma tiyi wawo amamwa wopanda mkaka. Achimwene anati n'zoona, anthu a kumwera ndi choncho. Kenako anayamba kumasula mpanda uja awiriwiri. Nkhani yonse inathera pamenepo, palibe anakumbatira mnzake, palibe analira. Ine ndinabwerera kwathu nditatopa ngati ndine ndayenda ulendowo.

Munthu wina aliyense akadasiyira pomwepo. Koma pa makolo asanu ndi awiri a Ermek, a Mamatkul ankadziwa mayina anayi okha, chifukwa makolo awo anasamukira ku Nooken kuchokera kumapiri a Alai nthawi ya mavuto, akuluakulu odziwa n'kufera m'njira. Anayi. Ife tinati akwana, ena m'tauni masiku ano sadziwa ngakhale atatu ndipo amayendetsa magalimoto abwino. Achimwene anati anayi si asanu ndi awiri. Maulendo anayambiranso, tsopano a ku Alai. Dzina lachisanu analipeza mu 2013 kwa mayi wina wokalamba wosamva, amene ankayenera kumukuwira m'khutu. Lachisanu ndi chimodzi analipeza mu 2016 pamwala wa pamanda.

Mu Ogasiti 2017 Ermek anakwatira mayi Akmaral. Pa tsiku lokafunsira, bambo a mtsikana anamuuza kuti atchule makolo ake. Anatchula asanu ndi mmodzi n'kulekera pomwepo. Bamboyo, amene ali pakati pathu pano, anaseka n'kunena kuti zakwana, sanamvepo dzina la kwawo pamenepo. Aliyense anakhutira. Achimwene okha ndi amene anakhala chowerama mpaka kunyamuka, ndipo m'galimoto anapepesa Ermek chifukwa chomuchititsa manyazi. Ermek anawauza kuti asiye, kwa iye zakwana. Anawauzanso chimodzimodzi mu 2018, mu 2019, chaka chilichonse. Anayamba kukana kuwaperekeza. Anafika pobisa makiyi a galimoto. Mu 2021 madokotala a anthu atawapeza achimwene ndi vuto la mtima n'kuwaletsa kukwera mapiri aatali, tonse tinapuma, tinati tsopano zatha.

Pa 18 Disembala chaka chathachi anamva kuti kuli gogo wina wa zaka 93 kumudzi wina wa ku Alai amene amasunga buku la mibadwo lolemba pamanja, ndipo gogoyo wadwala. Anauza Akmaral kuti akupita kukaona kavalo ku At-Bashy. Anakwera galimoto ya matola, m'nyengo yachisanu, munthu wa mtima wodwala, kupita kumalo okwera kuposa kuno. Gogoyo anamupeza ali moyo, dzina analipeza. Pobwerera chipale chofewa chinatseka msewu pampata wa phiri, ndipo anakhala m'galimoto masiku awiri. Ermek atamva kumene ali anayenda yekha kukawatenga, n'kuwapititsa kuchipatala ku Naryn pa 27 Disembala, chibayo chitagwira mapapo onse awiri.

Anagona m'chipatala masabata asanu ndi limodzi. Ine ndinkapita Lachitatu ndi Lamlungu. Achemwali ankapita akapeza galimoto. Ermek sanachokeko. Ankawameta, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyamula kupita kuchimbudzi, zinthu zimene ine mng'ono wawo ndinaona kuti sindingathe. Anamwino ankamutchula kuti mwana wa agogo a pabedi lapakona, ndipo palibe anawatsutsa.

Tsiku lina ndili pomwepo, atapezako mphamvu, anatulutsa kapepala m'chipewa chawo n'kumupatsa Ermek. Anati dzina lomaliza ndi Janybai, tsopano akwana. Ndinkaganiza kuti Ermek athokoza. Sindinamuonepo atakwiya choncho chichokereni pa ubwana. Anati, "Munthu ameneyu anafa zaka mazana awiri zapitazo, ine ndimutani? Ine ndimafuna inu." Achimwene anangoti, "Loweza basi." Ermek anatuluka panja.

Titatsala awiri ndinawafunsa funso limene ndakhala nalo kuyambira tsiku linamasulidwa nkhosa lija. Ndinati achimwene, bwanji simunangomupatsa mayina athu, zonsezi zikadapeweka. Iwo anati, "Wopanda kwawo amakhala pakhomo pako chifukwa alibe kolowera. Ndinkafuna akhale ndi kwawo kwenikweni, kokwanira, kuti akakhala ndi ine ndidziwe kuti wafuna yekha." Ndinawauza kuti zimenezo anazidziwa kale mu 2011, mwana atatsika basi. Anati n'zoona, koma nambala inali isanakwane. Ndinapsa mtima, ndinanyamula chipewa changa n'kumapita osatsanzika bwino. Limenelo linali Lamlungu. Lachiwiri m'mawa anapita, Ermek atawagwira dzanja.

Ndiye dzulo akuluakulu ananena mfundo zawo, ndipo sindinganene kuti ndi zopanda nzeru. Anati malemu eni ake anathera zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kuonetsa dziko lonse kuti mnyamatayu ndi wa anthu ena. Tinamupatsa mayina athu anakana, tsopano ali ndi ake okwana, akatsikire m'manda a kwawo. Anati ngakhale kuwatchula kuti bambo sanawatchulepo. Ine ndinali ndi mkwiyo wanga wakale, wa mwana wanga amene anabwezedwa pamsewu, ndi watsopano, wa mchimwene wanga amene wafera dzina la munthu wosamudziwa. Ndinavomera msangamsanga. Ermek atauzidwa sanatsutse. Anafunsa kuti ntchito yake ikhala yotani, ndipo tinamuika kuseri kwa nyumba, kowaza nkhuni ndi kutenthetsa madzi a alendo.

Lero m'mawa kwafika minibasi pachipata apo, yodzaza matope. Mwatsika anthu asanu ndi anayi a ku Nooken, ayenda masiku awiri m'chisanu chimenechi, a Mamatkul akuchita kugwiriziridwa. Ndinapita kukawalandira ine. A Mamatkul anandifunsa kuti, "Mwana wa malemu ali kuti, timupepese?" Ndinawalozera pachihema cha maliro pamene paima Kubat ndi abale. Anayang'ana, anapukusa mutu, n'kunena kuti akufunsa mwana wa malemu. Anamva nkhwangwa ikulira kuseri, anatsata okha. Ndinawatsatira. Ndinaona gogo ameneyu, mkulu wa Asan weniweni, munthu amene ali ndi ufulu wonse wonena kuti mnyamatayu ndi magazi ake, akumukumbatira Ermek pakati pa nkhuni n'kumuuza kuti, "Pepa mwana wanga, bambo ako atisiya." Kenako anandicheukira n'kundifunsa mwaulemu ngati kuno n'chizolowezi chathu kuti wamasiye aziwaza nkhuni pa maliro a bambo ake.

Anthu a kutali, a tiyi wopanda mkaka, akudziwa kuti Ermek ndi mwana wa yani. Ife amene tinkamuona tsiku ndi tsiku akutsekera khola limenelo, ife amene tinkamupeza m'chipatala atagwira beseni, ndi amene tikufunika kukhala pansi kuti tikambirane. Ndachita manyazi lero kuposa tsiku lija ndinabwerera ndi khanda pamsewu.

Bambo aang'ono, ndimakulemekezani, ndipo simunandimvepo ndikukutsutsani pagulu. Mundikalipire mawa, ndidzabwera ndekha kudzakhala pansi. Koma mzere uwu ndinalemba dzulo sindiwerenga. Achimwene anga ananditopetsa moyo wanga wonse, anandichititsa manyazi, sanamverepo langizo langa n'limodzi lomwe, ndipo ndikadali wokwiya nawo pamene agonapo. Koma sanandinamizepo, ndiye ine sindiwanamizira pa tsiku lawo lomaliza.

Malemu a Esenkul Toktomushev asiya mwana mmodzi wamwamuna, Ermek. Asiya mpongozi wawo mayi Akmaral, ndi zidzukulu ziwiri, Aisuluu ndi Iskak. Asiya mchemwali wawo a Gulsun, ine mng'ono wawo Sharshen, ana athu ndi zidzukulu zathu, ndiponso bambo awo aang'ono a Orozbai.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino a ku Naryn amene anayesetsa. Ndithokoze anyamata amene akumba manda m'nthaka youma ndi chisanu kuyambira dzulo, azimayi amene akhala pamoto ndi amene akhala m'chihema kulira, aneba amene atsegula nyumba zawo kuti alendo akhale pofunda, ashehe athu, ndi a Mamatkul ndi anthu awo, amene abwera kudzatiphunzitsa ulemu pakhomo pathu pomwe. Amene malemu anakulakwirani, akhululukireni. Ine ndiyesa.

Kubat mwana wanga, bwerera m'mbuyo uime ndi abale ako. Manda ako otsikira ndi anga, ndipo sindikufulumira. Wina apite kuseri akamulande nkhwangwa Ermek, asambe m'manja, abwere kutsogolo kuno. Bambo ake akumudikira.

Mulungu awalandire achimwene anga, dothi liwapepukire, ndipo ause mumtendere umene ife sanatipatse.